Nkhokwe ya Mayi Ezza

Dzuwa linali litapendeka pamene Tislim anamaliza kukama mbuzi yachisanu. Mbuzi zisanuzo amayi ake anachita kuzipatula kuti mkaka wake uzimwedwa ndi iye yekha. Ananyamula mbale yamtengo ija n'kuzembera nayo kuseri kwa khola, ndipo atayang'ana uku ndi uku anatunga wodzaza katambula kamodzi ka tiyi. Anaumwa pang'onopang'ono, akupumira. Wotsalawo anathirira ana a mbuzi, omwe masiku amenewo anali atanona kuposa a munthu aliyense m'mudzi wa Hasi Sedra.

"Wamaliza?" anafunsa amayi ake, a Mounina, ali chigonere m'chisakasa.

"Ndamwa wonse, Amayi."

"Nanga ukulowera kuti? Mwana iwe ukungotha ngati sopo. Tabwera kuno ndikuone."

Tislim anapita. A Mounina anamugwira mkono, naukanikiza ndi chala, khungu n'kungotsatira chalacho. Misozi inawatsika. Mkono umenewo ankaudziwa bwino, poti anagulitsa ngamira ziwiri kuti ukhale momwe unalili kale.

Kwathu mkazi ndi thupi, ndipo pa nkhani imeneyi mudzi wonse unkanyadira Tislim. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anamupereka kwa Mayi Ezza, katswiri wonenepetsa atsikana, ndipo anakhala m'manja mwawo zaka zitatu. Mkaka wa ngamira m'mawa, mapira osakaniza ndi mafuta masana, mkakanso madzulo. Akafuna kusanza, Mayi Ezza ankamupana zala za kuphazi ndi timitengo tiwiri mpaka ululu umuiwalitse mseru. Anatulukako woti podzuka azichita kumugwira anthu awiri, ndipo amuna ankachokera midzi yakutali kungofuna kuona chigongono chake. Iye ndiye anali womaliza. Pambuyo pake ana aakazi anayamba kupita kusukulu, mawailesi n'kuyamba kulalata, mwambo uja n'kuzirala.

Tislim anakwatiwa kumzinda waukulu wa Nouakchott, banja n'kutha patapita zaka khumi ndi zisanu, ng'oma za kusudzulidwa n'kuimbidwa monga mwa mwambo wathu. Koma pansi pa nsalu yokongola ija panali zomwe anthu sankaziona: shuga, kuthamanga kwa magazi, mawondo otupa, kubanika kutulo. Dokotala wina anamuuza mosapsatira mawu kuti zaka makumi anayi sadzaziona. Tislim anagulitsa zibangili zake zagolide, natumiza uthenga kumudzi kuti akupita ku Tunis kukaonetsa mawondo. Kumeneko anamuboola pamimba timabowo tisanu, n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu chake.

Anabwerako ndi malamulo, ndipo ankawasunga kuposa momwe ambiri a ife timasungira mapemphero a swala. Chakudya chisapose katambula. Ayambe ndi nyama, aitafune mpaka isanduke phala. Asamwe madzi akudya. Mapiritsi tsiku lililonse. Shuga ayi, ngakhale wonyambita. Aziyenda. Ndipo dokotala anamuchenjeza akumuyang'ana m'maso kuti kachifu kotsalako kamatanuka: akadzayambanso kumeza mkaka ndi zotsekemera tsiku lonse, thupi lidzabwerera ndi matenda ake omwe, ndipo ulendo wachiwiri mtima wake sudzapirira.

Zonsezi sanauze munthu. Akanayambira pati? Kuwauza amayi ake kuti thupi lija analitaya dala kunali kuwalavulira kumaso pagulu. Ndiye anaphunzira kuba mobwerera: pa mbale ya banja lonse ankaumba mpunga m'dzanja n'kuubweza mwakachetechete, nyama n'kuikankhira kumbali ya ena, mapiritsi n'kuwabisa m'kachitini ka zodzola. Mudzi unkangomuyang'ana akuchepa mwezi ndi mwezi.

Kuyenda kuja ndi komwe kunamupezetsa Sidaty. Madzulo aliwonse Tislim ankapita kuchitsime cha kumapeto kwa mudzi n'kubwerako chimanjamanja, chinthu chomwe mkazi wa banja lolemekezeka sachita. Sidaty anali mlendo wochokera kumwera, kufupi ndi mtsinje, yemwe anabwera kudzakonza mpope woyendera dzuwa. Anali wamtali, wowonda, wa pakamwa posatopa.

"Achemwali, munataya chiyani?" anamufunsa tsiku lina. "Sabata yonse mukungozungulira chitsime changa ngati bulu wosokera."

"Chitsime chanu? Munakumba ndinu?"

"Ayi, ine ndimangochichiritsa chikadwala. Khalani apo mumwe tiyi, musandigwere pano n'kundipezetsa mlandu."

"Sindimwa shuga."

"Shuga simumwa? Pepani, kwagwanji?"

Tislim anaseka, kuseka kwenikweni komwe anali atakuiwala. Mawa lake anapeza Sidaty ataika timaketulo tiwiri pamakala, kena kopanda shuga, tiyi yemwe kwathu sitipatsa ngakhale mdani. Kuyambira pamenepo ankayenda limodzi mpaka pa mtengo wa masawu n'kubwerera, iye patsogolo, Sidaty pambuyo pang'ono kuti anthu asanene kanthu, ngakhale ankanenabe. Tislim anamukonda, ndipo chikondicho chinabwera ndi mantha. Pansi pa nsalu yake khungu linkalendewera m'mikono ndi pamimba, ndipo sankadziwa kuti mwamuna angaliyang'ane bwanji. Tsiku lina anamuponyera kafunso.

"Anzanu amafuna mkazi wodzaza mphasa. Inu simuchita manyazi kuyenda ndi nkhuni?"

"Wodzaza mphasa ndikanacheza naye kuti, ine wa kuchitsime? Ndimakonda woti tikanyamuka tonse, tikafike tonse."

"Anthu akuti ndikudwala."

"Anthu akuti. Ine ntchito yanga n'kutsegula makina, ndipo makina omwe anatsegulidwapo ndimawadziwa kulira kwake. Inu simukudwala, mukuchira. Tsiku lomwe mudzafune kundiuza, mudzandiuza."

Tislim anangoyang'ana kumbali. Inali miyezi yabwino imeneyo. Inali iwiri yokha.

Zinayamba ndi fungo. Masana, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli chigonere pamthunzi, ngakhale agalu atasiya kuuwa, kunkadutsa fungo la chambiko chowola. Sichinali chambiko cha dzulo kapena cha dzana. Linali fungo la thumba lachikopa lomwe laiwalika ndi mkaka m'kati chaka chathunthu. Linkaima pakhomo limodzi, kenako n'kusunthira pena. Amene anali maso ankamva kaphokoso kuseri kwa khoma, tsopo, tsopo, tsopo, ngati kamwana ka mbuzi kakuyamwa. Akatuluka ankapeza mchenga wokhawokha, wopanda phazi la munthu kapena la chiweto.

Woyamba anali Glana, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa nyumba yoyandikana ndi mzikiti. Lolemba ankathamangitsa nkhuku, Lachinayi anamuika m'manda. Amayi omwe anamusambitsa anatuluka n'kuima pambali.

"Alibe kulemera," ananong'ona wina. "Ndamunyamula ndi dzanja limodzi."

"M'kamwa mwayera ngati mchere."

"Tsitsani mawu, amva mayi ake."

"Wayamwidwa uyu. Tonse tikudziwa."

Patapita masiku khumi anatsatira m'busa wa ngamira, bambo wamphamvu yemwe sanadwalepo n'chimfine chomwe. Anamupeza atatsamira mtengo masana, maso ali tong'o, nthiti zikuwerengeka. Kenako ana awiri a banja limodzi anagwa tsiku limodzi. Wina anadzuka, wina ayi. Amayi anayamba kufunditsa ana nsalu zakuda pachifuwa ngakhale kukutentha, chifukwa woyamwa amakoka magazi ndi maso akangoona chifuwa cha munthu. Anthu anasiya kuyang'anana polankhula. Masana palibe ankagonanso. Ankangokhala tsonga m'nyumba, mphuno zili tcheru, aliyense akupempha mumtima kuti fungo lija likaime kwa mnzake.

Tislim naye chinamuyendera. Anali chigonere m'chipinda masana ena pamene fungo lija linalowa. Anafuna kukuwa, mawu osatuluka. Anamva chinthu chikumukoka pansi pa nthiti, kumanzere, penipeni pomwe panali chifu chake. Chinakoka kamodzi, kawiri, n'kufufuza ngati dzanja lopapasa mumphika. Kenako chinasiya. Ndipo pafupi ndi khutu lake, momveka bwino, munthu wina anatsonya.

Sanauze aliyense, koma mudzi unali utagamula kale wokha. Anayamba kuwonda ndani? Tislim. Amapita kuti madzulo aliwonse? Kwa mlendo. Ngakhale Mayi Ezza, omwe moyo wawo wonse anali onenepa ndi owala ngati mtsuko wopaka mafuta, tsopano nsalu inkawazungulira kawiri, ndipo nawonso madzi ankamwa a chitsime chomwecho. Palibe amene anakumbuka kuti Tislim anayamba kutha Sidaty asanabwere. Kwathu tikafuna mfiti sitiwerenga miyezi, timayang'ana amene alibe abale.

"Musabwere kwathu panopa," Tislim anamuchonderera. "Dikirani zizizire."

"Ndikabisala ndiye kuti ndavomera. Ndibwera Lachisanu tikatuluka kumzikiti, ndidzakufunsireni ukwati ngati munthu."

Anabweradi, atavala mkanjo wabuluu wochita kubwereka, limodzi ndi mnzake woyendetsa lole ya madzi. Anawalandira mchimwene wake wa Tislim, Ethmane, nkhope ili gwa. A Mounina anafulula tiyi okha, shuga wodzaza dzanja, ndipo tambula yoyamba anaipereka kwa mwana wawo.

"Amayi, mukudziwa kuti ine..."

"Lero umwa. Sundichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Anamwa. Anamwa yachiwiri ndi yachitatu, ndi mkaka wothira shuga pamwamba pake, chifukwa maso onse anali pa iye. Sipanapite nthawi, mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutulukira kukhosi. Thukuta lozizira linatsika, nkhope inayera. Dokotala anali atamuuza kuti shuga adzamuchita zimenezi, ndipo kuti akagona pang'ono zimatha zokha. Koma lilime linalemera. Anagwera chammbali, nsalu n'kutseguka pakhosi, ndipo Sidaty, popeza chikondi chilibe nzeru, anadumpha mphasa n'kumuweramira, maso ali pachifuwa pake kuti aone ngati akupuma.

"Taonani! Akumuyamwa ife tikuona!" anakuwa a Mounina.

Pamene Tislim ankatsitsimuka, Sidaty anali atamangidwa kale pamtengo wouma wa pakati pa bwalo, mkanjo uja utang'ambika. Mnzake anathawa ndi lole yake. Mwambo wake ngodziwika: woyamwa sapatsidwa madzi mpaka atabweza zomwe anatenga. Amamuviikitsa zala m'mbale ya mkaka, wodwala n'kumwa wonse. Mkaka ukakhazikika, magazi abwerera, ammasule. Wodwala akasanza, ndiye kuti mfiti ikukana.

Anamubweretsera Tislim mbale ija madzulo omwewo. Inali mbale yoti amwe amuna atatu. Tislim anameza ndi mtima wake wonse, koma kachifu ka katambula kamodzi kakanalandira bwanji zimenezo? Anasanza asanafike n'pakati pomwe. Panja ndodo zinalira pamsana pa Sidaty.

Mawa lake Tislim anaitana amayi akuluakulu m'chipinda n'kutseka chitseko. Manyazi anali atatha ntchito. Anakweza nsalu, nawaonetsa khungu lolendewera ndi tizipsera tisanu tija, ndipo anawauza zonse, za dokotala, za Tunis, za chifu.

"Ndinadzichititsa ndekha," anatero. "Munthu uja sanandilakwire. Amayi, ndikhululukireni, ndinkangofuna kukhala ndi moyo."

Amayiwo anawerama, nayang'anitsitsa. Wina anayala dzanja lake pamimbapo, chala chilichonse pa chipsera chake.

"Zisanu," anatero. "Zala zisanu."

"Mayo ine! Mpaka anachita kumugwira!"

"Chifu chingatulukire pa kabowo aka? Ndinatumbulapo mbuzi ine, mwanangu."

"Wamuzunguza mutu. Taonani akuikira kumbuyo womudya."

Tislim anatulutsa mapepala a kuchipatala pansi pa sutikesi. Anali a m'Chifalansa. Mphunzitsi anali atapita kwawo kutchuthi, ndipo m'mudzi monse wodziwa kuwerenga chilankhulo chimenecho anali mmodzi yekha, yemwe anali pamtengo uja.

"Ndiye tiitane mfiti itiwerengere kalata yoti si mfiti?" anatero Ethmane atakankha chitseko n'kulowa, n'kuwaponya pamakala a tiyi.

A Mounina sanakwiye n'komwe. Anamusisita kumutu mwana wawo, akuti wodwala salakwa. Kwa iwo kunali kopepuka kukhulupirira mfiti kusiyana ndi kukhulupirira kuti mwana wawo anakana mphatso yawo. Dzuwa litapendeka Tislim anabisa kaketulo ka madzi m'nsalu n'kulowera kubwalo, koma Ethmane anamuona asanafike. Anakamenya ndi phazi, madzi n'kumwedwa ndi mchenga Sidaty akuona.

"Achimwene, mukupha munthu wosalakwa!"

"Glana anali wolakwa? Bwerera m'nyumba, mlongo wanga. Ukachira udzandithokoza."

Mbale inabweranso, ndipo Tislim anasanzanso.

Tsiku lachitatu Sidaty anasiya kutukwana, anasiyanso kupempha madzi. Pakazenera Tislim ankamuona mutu uli zyoli, milomo itang'ambika, ntchentche zili m'maso. Munthu satha masiku anayi padzuwa lathu popanda madzi, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. M'mawa womwewo a Mounina anati m'dziko lino muli munthu mmodzi yekha amene mkaka umamumvera, natumiza uthenga kwa Mayi Ezza.

Anafika akutsamira ndodo, natulutsa aliyense m'chipindamo. Atangotseka chitseko, fungo lija linadzaza nyumba. Tislim anakhala tsonga, msana uli pakhoma.

"Usawaonetsenso anthu mimba yako, n'zochititsa manyazi," anatero Mayi Ezza, akukhala pansi movutikira. "Ine ndikukukhulupirira. Linali Lachiwiri, chakum'mawa, mwezi wotsatira kusala kudya. Ndinkapeta mapira. Ndinaumva mpeniwo."

Tsiku lomwe Tislim anamuboola ku Tunis analitchula molondola.

"Zaka zitatu ndinakudyetsa ndi manja awa. Unkayesa ndinkavutikira ngamira za amayi ako? Mlimi amamanga nkhokwe kuti azidya chaka chonse. Atsikana anga onse ndinkatapako pang'onopang'ono, ndipo palibe anamvapo kuwawa, poti pa thupi lotero kadzanja kamodzi n'chiyani? Ngakhale uli ku Nouakchott unkandidyetsa. Koma anzako anakalamba, ena anafa, ndipo ana a masiku ano ali kusukulu, miyendo ngati ya kakowa. Unatsala iwe. Iwe wekha ukanandisunga mpaka kumanda. Ndiye wapita kwa anthu a mipeni kukagwetsa nkhokwe yanga."

"Glana," anatero Tislim. "Kamwana kaja..."

"Kanalibe kanthu. Ndinangotapa kamodzi n'kugunda pansi. Ukuyesa ndinakondwa? Pamaliro ndinalipo, ndinalira nawo. Njala ilibe manyazi."

"Ndikawauza anthu."

"Kawauze. Dzulo unawauza zoona, zipsera zili poyera. Anakumvera?"

Panja kunali zii. Kenako kunamveka chifuwa chouma cha Sidaty, kamodzi kokha.

Mayi Ezza anapisa m'nsalu n'kutulutsa timitengo tiwiri, todetsedwa ndi manja, tomangidwa ndi kachingwe kumapeto. Zala za kuphazi za Tislim zinapinda zokha.

"Mbale ija ndikhoza kuikhazika m'mimba mwako dzuwa lisanalowe. Kachifu kako ndinakapapasa, n'kanthete, katanuka. Mwamuna wakoyo amasulidwa lero, ndipo m'mudzi muno simufanso mwana. Koma ukayamba, wayamba. Mawa mbale ina, mkuja ina, mpaka ubwerere m'thupi lomwe ndinakupatsa. Ukadzathawa, ndidzayambira pa nyumba ya mchimwene wako."

"Dokotala anati ndikanenepanso ndifa."

"Ufa, koma osati lero. Wa lero ndi uyo ali panjayo."

Tislim anakumbuka m'mawa woyamba womwe anadzuka pamphasa popanda womugwira. Anakumbuka kugwada pa swala mawondo osalira, ndi mpweya wolowa mpaka pansi pa chifuwa. Zinthu zazing'ono zomwe anzake anabadwa nazo, iye anachita kuzigula ndi mpeni, ndipo anali atazilawa chaka chimodzi chokha. Analira mokweza, mosabisa, ngati mwana. Atatha anatambasula mwendo.

Anamutulutsira pabwalo kuti onse aone. Ethmane anaviika zala zolefuka za Sidaty mu mkaka, ndipo Mayi Ezza anagwira mbale. Sanamupatse wonse nthawi imodzi monga ankachitira ena aja. Ankamumwetsa pang'ono, n'kudikira, n'kumusisita pamimba ndi chala chachikulu, n'kumupatsanso. Mseru ukakwera timitengo tinkaluma, ndipo Tislim ankakuwa mpaka mkaka utabwerera pansi. Thukuta linanyowetsa nsalu yonse. Kawiri anakomoka, kawiri timitengo tinamudzutsa. M'kati ankamva chinachake chikukokeka, chikulekana pang'onopang'ono ngati msoko wa nsalu yakale. Sidaty anadzutsa mutu, nayesa kunena kanthu. Milomo inkati ayi, ayi, koma mawu munalibe.

Mthunzi wa mtengo utafika pakhoma la mzikiti, Mayi Ezza anatembenuza mbale. Sipanagwe dontho. Anthu anadikira, maso ali pakamwa pa Tislim. Mkaka unakhala.

Nthungululu zinang'amba mudzi. Sidaty anamumasula, namuthira madzi, ndipo mawa lake lole ija itabwera anamuponyamo, n'kumuchenjeza kuti akadzapondanso ku Hasi Sedra adzamukwirira wamoyo. Tislim anadzikoka mpaka pamsewu. Sidaty anatulutsa dzanja, mawu ali osasa.

"Kwerani. Tislim, kwera tizipita."

"Pitani bwino, bambo wa chitsime."

"Akupha anthu awa! Mkaka umenewu ukupha, ndikudziwa ine!"

"Nanenso ndikudziwa. Pitani."

Lole inanyamuka. Anaiyang'ana mpaka fumbi litakhazikika, kenako anabwerera kunyumba, chifukwa mbale ya m'mawa inali ikumudikira.

Maliro anathadi. Fungo la masana silinaimenso pakhomo la munthu, kupatula limodzi, ndipo mwini khomolo sankadandaula. Pofika nyengo ya mvula masaya a Tislim anali atadzaza, zibangili zatsopano zikuluma mkono, ndipo a Mounina ankaitana anzawo kuti adzaone. Ludzu la shuga linabwerera, mapazi n'kuyamba kuchita dzanzi. Kuchitsime sankafikanso. Mayi Ezza ndodo ija anaitaya, ndipo ankayenda njirayo ngati namwali, anthu akuwagwadira ndi kuwatcha mpulumutsi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tislim ankadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Nkhalamba ndi nkhalamba. Akangopirira zaka zingapo, mtima wake ukamulola, adzawaona akuikidwa m'manda, ndipo zonsezi zidzathera pa iye yekha. Ndi chimenecho ankameza mbale iliyonse.

Masana ena Mayi Ezza akumumwetsa, Tislim anatopa, nakankha mbale.

"Mpaka liti, Amayi?"

"Watopa kale? Usade nkhawa, mwanangu, sukhala wekha nthawi yaitali. Anthu aona ndi maso awo kuti mwana wowonda ndi ndiwo ya mfiti, ndipo kuti thupi ndilo linga la mkazi. Ine sindinaitane munthu. Tasuzumira panja."

Tislim anakankha chitseko ndi phazi. Pamthunzi wa khoma panali amayi asanu ndi awiri atakhala mwaulemu, aliyense ndi mbale yamtengo pamiyendo ndi kamtsikana pambali pake. Tina tinali tikadali ndi zikwama za kusukulu kumsana. Kutsogolo kwenikweni kunali mkazi wa Ethmane, akukonza kansalu ka mwana wake wamkazi.

"Musawapereke!" anakuwa Tislim. "Tengani ana anu muzipita! Ndi awa! Ndi awa amene anadya Glana!"

Amayi aja anayang'anana, naseka mokoma mtima, monga timasekera wodwala amene wayamba kupeza bwino.

"Tawaonani nsanje alamu anga," anatero mkazi wa Ethmane, akukankhira mwana wake kutsogolo. "Mukufuna kukongola nokha? Tasunthani, anzanu alowe."